Chaka Chimene Tinabwezera Zokolola Pamvula

Anthu a kuno akandifunsa ntchito yanga, ndimati ndimayendetsa vani yopereka katundu m'makomo, chifukwa ndi zimene ndimachitadi. Koma ine ndine mlimi. Ndinabadwira mu fodya ku Kasungu, ndinakulira m'chigafa, ndipo pa zaka pafupifupi makumi awiri zimene ndakhala ku Smethwick, kuno ku Mangalande pafupi ndi Birmingham, ndalimapo chaka chimodzi chokha. Chinali chaka chowawa pakhomo pathu, komanso ndi chaka chimene ndinachita uchitsiru waukulu kuposa wonse m'moyo wanga. Komabe mutandiuza kuti sankha chaka chimodzi ubwerereko, ndingasankhe chimenecho osaphethira n'komwe.

Januwale

Njala ya kuno ku Mangalande ndi yachinsinsi. Kwathu nkhokwe ikapepuka mudzi wonse umadziwa, mumadandaula pamodzi. Kuno mashopu amakhala odzaza mpaka kudenga, magetsi ali ngwee, iwe n'kumangodutsa manja ali m'thumba ngati wabwera kudzayendera. Ntchito yanga ya kuweyahausi yosungiramo katundu ku West Bromwich inatha sabata yachiwiri ya Januwale. Sanatithamangitse ayi, anthu a kuno sathamangitsa munthu. Anangoti mashifiti achepa, tidzakuyimbirani. Foniyo ndikuidikirabe.

Nyumba yonse inatsala pamapewa a mkazi wanga, mayi a Tadala, amene ndi nesi pachipatala china cha boma mu Birmingham. Anayamba kutenga mashifiti owonjezera, n'kumabwera kunyumba mapazi atatupa, nsapato zikukana kuvuka. Hita yotenthetsera m'nyumba tinkayatsa ola limodzi m'mawa ndi limodzi madzulo, nthawi ina yonseyo majekete basi. Ku Cape Hill, kumene timagula ufa ndi mafuta ophikira, mwini shopu ankamata mtengo watsopano pamwamba pa wakale pafupifupi sabata iliyonse, mpaka kapepalako kanachita kunenepa. Ndinapitako kamodzi kumalo kumene amagawa chakudya chaulere, ndipo pamzere ndinapeza a Mbewe, mkulu wa mpingo wathu. Tinapatsana moni ngati takumana pa siteji ya basi, ndipo nkhaniyo sitinaitchulenso.

Kuzizira ndinkakupirira. Chimene chinkandidya chinali kukhala pansi, mwamuna wathunthu wa manja awiri, kumadya thukuta la mkazi. Mayi a Tadala sanandinenepo kanthu, ndipo kusanenako n'kumene kunkawawa kwambiri.

Malichi

Loweruka lina ndinapita ku kaunjika wa m'magalimoto, kuja azungu amatsegula buti pabwalo n'kumagulitsa zakale zawo. Ndinkafuna nsapato zotchipa. Kumapeto kwa mzere kunali mdala wina wamtali, wopendekera mbali imodzi, akugulitsa mbatatesi zosatsuka. Kugula sindinagule. Ndinangotola imodzi, kukanda dothi lake ndi chikhadabo, kulifikisa pakati pa zala, kulinunkhiza. Manja anachita okha. Mdalayo anandiyang'anitsitsa, kenako anandifunsa kuti ndapezamo chiyani. Ndinawauza kuti dothi ndi labwino koma latopa, akhala akulidyetsa feteleza yekhayekha. Anaseka mpaka kutsokomola, n'kunena kuti mwana wawo weniweni sanagwirepo dothi limenelo ndi dzanja.

Dzina lawo anali a Dennis. Ankafuna ndiziwaitana kuti Dennis basi, koma pakamwa panga panakana. Munthu wa msinkhu wa bambo anga sindingamutchule ngati mnzanga wa mpira. Anali ndi famu yaing'ono kupitirira Halesowen, njira yolowera ku Kidderminster. Akazi awo anamwalira kale, chiuno chinali chitawakana, ndiye ankafuna munthu wowathandiza masiku anayi pa sabata. Malipiro ake sanali oti n'kuuza anthu, koma ndinavomera asanamalize kuyankhula.

Epulo

Tsiku loyamba ananditengera kumunda wina wobisika kuseri kwa mitengo, kutali ndi msewu, maekala asanu ndi limodzi. Tili chiimire pamenepo anandiuza zonse osabisa. Mwana wawo Martin, wogwira ntchito ya mu ofesi ku Solihull, ankafuna kuti famu igulitsidwe kwa anthu omanga nyumba, amene ankabwera chaka ndi chaka ndi makalata. Tirigu ndi mbatatesi zinali zitasiya kupindula. Ndiye bambo ndi mwana anapangana kuti mdalayo ayese chaka chimodzi chomaliza ndi mbewu yatsopano. Fakitale ina inali italonjeza kugula ngati akwanitsa mlingo umene anagwirizana. Akakwanitsa, famu ikhala. Akalephera, asayina.

Atatsegula thumba la mbewuyo ndinabwerera m'mbuyo. Ine ndine wa ku Kasungu, njere zimenezo sindingachite kuuzidwa. Ndinawafunsa ngati akufuna kuti mkazi wanga azindiyendera kundende.

Anandilowetsa m'khitchini n'kundionetsa layisensi ya boma, yoikidwa m'galasi ngati chithunzi cha ukwati. Anati iyi ndi hempu, m'bale wake wa chamba koma wosaledzeretsa, ungasute munda wonse ungopata chifuwa ndi mutu. Apolisi ankadziwa kuti mundawo uli pati, ndipo masamba ndi maluwa ake sankaloledwa kutuluka pafamu. Chofunika chinali phesi. Khungwa lake limatulutsa ulusi wopangira zingwe, nsalu, mapepala, ndi zija amaika m'makoma kuti nyumba isazizire, ngakhale m'kati mwa zitseko za magalimoto ena muli ulusi womwewo. Mtima wa phesi amauphwanya kuti akavalo azigonera, kapena kuusakaniza ndi laimu n'kumangira khoma. Ena amalimira njere, zoyengera mafuta. Ndinati ndiye kuti ili ngati ng'ombe, palibe chotaya. Anakondwa nawo mawu amenewo, ankawabwereza kwa aliyense wobwera pafamu.

Tinabzala kumapeto kwa mwezi, nthaka itayamba kufunda. Kunena kuti tinabzala n'kudzikweza chabe, chifukwa inabzala ndi thirakitala, ine ndinkangothira mbewu m'makina. Kunalibe nazale, kunalibe kuokera, kunalibe mizere. Njere zinkagwa mothithikana kotero kuti ndinalephera kuugwira mtima. Ndinawauza a Dennis kuti mbewu imafuna mpata wopumira, fodya wotere angatuluke ngati udzu. Iwo anati kuthithikanako n'kumene kukufunika, mbewu zizilimbirana dzuwa, zitalike zowonda popanda nthambi. Ndinati chabwino, munda ndi wanu. Mumtima ndinkati tiona.

Meyi

Njiwa za kuno, abale, ndi nkhuku zouluka. Mbewu itangotulutsa timasamba tiwiri, zinatsika ngati zaitanidwa ku ukwati. A Dennis anali ndi chimfuti chawo cha gasi chongophulika chokha pakapita nthawi, koma njiwazo zinali zitachizolowera, zina zinkachita kutera pamwamba pake. Apa ndiye ndinati mdala, pumulani, izi ndi zanga. Ndinatola zitini, kuikamo timiyala, kuzimangirira pa zingwe kuchokera mbali ina ya munda kufika inzake, monga tinkachitira polondera mapira tili ana. Ndinkakwera basi yoyamba, kufika dzuwa likungotuluka, n'kumakoka zingwezo uku ndikukuwa m'Chichewa. Mzungu wina woyenda ndi galu anaima kuseri kwa mpanda tsiku lina n'kundifunsa ngati ndili bwinobwino.

Masabata awiri okha, mbewu inapitirira msinkhu woti njiwa n'kuichita kanthu. Ndinkabwera kunyumba nditatopa, mawu atasasa, mabuti ali matope okhaokha, koma ndikuimba. Mayi a Tadala anati nkhope yanga yabwerera. Mitengo ya zinthu inali ikukwerabe, nyama tinkaiona Lamulungu lokha, koma ine njala inali itandichoka.

Juni ndi Julayi

Ndinalimapo mbewu zambiri, koma yokula ngati imeneyo sindinaione. Kumapeto kwa Juni inali pachifuwa. Mu Julayi inandipitirira, n'kupitiriranso dzanja langa nditalikweza. Khasu limene ndinagula ndi ndalama zanga kuti ndizipalira linangokhala pakhoma, chifukwa udzu unafa wokha ndi mthunzi. A Dennis ankandiseka nalo khasulo, ndipo ndinavomereza kuti pa zothithikanitsa zija anali olondola. Masana ndinkalowa m'kati mwa munda kukadyera buledi wanga mmenemo. Munali mozizira bwino, mwamdima pang'ono, masamba akuchita waa pamwamba, fungo lake lolowa mpaka m'malaya. Ndinkakumbuka bambo anga akuyenda pakati pa fodya manja ali kumbuyo, osayankhula ndi munthu.

Kunyada n'kumene kunandipweteka. Ndinadzijambula nditaima kutsogolo kwa mundawo n'kutumizira mlamu wanga wa ku Foleshill, mu Coventry. Pasanathe masiku atatu chithunzi chinali chitazungulira Coventry yonse n'kubwerera ku Birmingham chitanenepa. Ena ankati a Banda, kunena ine, alowa gulu la anthu oopsa, ena ankati ndagula kale nyumba ku Lilongwe, ena ankati apolisi akundisakasaka. Ine wokwera basi, nsapato za pa kaunjika! Kutchalitchi moni unayamba kufupika. Mayi a Tadala anandikhazika pansi n'kundiuza mawu ochepa.

"Bambo a Tadala, chiphaso changa cha unesi ndinachivutikira. Nkhanizi zikafika kuntchito, tidya chiyani m'nyumba muno?"

Ndiye ndinapempha a Mbewe kuti akadzionere okha. Anabwera Loweruka lina ndi Mayi Zulu, mzimayi wa ku Chipata wosamalira okalamba, amene saopa munthu ndipo chimene waona sagona nacho. A Dennis anawaonetsa layisensi ija, anawadyetsa buledi wonyika m'mafuta a njere zake, kenako anawatengera ku kanyumba kamene anamanga poyeserera ndi mtima wa phesi wosakaniza ndi laimu. A Mbewe anagogoda khomalo, kulitsamira, kulinunkhiza. Lamulungu lotsatira analengeza okha kuti ulimi wa a Banda ndi wa zingwe ndi makoma, aliyense amene wamva zina abwere adzawafunse iwowo. Mphekesera zinazima, koma dzina loti a Hempu linandikanirira.

Chimene sindiiwala cha tsiku limenelo n'chakuti nthawi yobwerera itakwana, a Mbewe sankafuna kukwera galimoto. Anangoima m'mphepete mwa munda, chipewa chili m'manja. Iwo ndi a ku Dedza, ndipo anati ali ndi zaka khumi ndi ziwiri osaponda m'munda.

Ogasiti

Chapakati pa mwezi kunabwera munthu waganyu ndi chimakina chake, n'kudula munda wonse tsiku limodzi. Mapesi anagona pansi m'mizere, obiriwira, ataliatali. Patapita masiku atatu a Dennis anapita kuchipatala kukachitidwa opaleshoni ya chiuno, imene anaidikira nthawi yaitali. Ankati akakhalako sabata imodzi. Ali m'galimoto ya Martin pageti, anatsitsa galasi n'kundiuza kuti, "Lackson, usavutike nayo. Isiye pomwepo, ndikabwera tidzaona."

Mawu amenewo ndinawamva onse, sindinganame kuti Chingerezi chinandiphonya. Koma kwathu munthu akamapita kukagonekedwa n'kunena kuti musavutike ndi munda wanga, umenewo ndi ulemu chabe. Ukamveradi mawu otero n'kukhala pansi, mudzi wonse umadziwa kuti ndiwe munthu wotani.

Kenako mvula inayamba. Osati yathu ija yobwera ndi ukali n'kupita, koma iyi ya kuno yongonyenyeka tsiku lonse. Sabata inatha a Dennis osabwera. Bala linavuta, thupi linatentha, ndipo Martin anandiuza pafoni kuti bambo ake sakuyenera kumva za famu pakadali pano. Ine tsiku ndi tsiku ndinkaima m'munda ndikuona mapesi akusanduka achikasu, kenako n'kuyamba timadontho takuda. Mlimi wa fodya aliyense akudziwa kuopsa kwa zotere. Kwathu mtambo ukangoda fodya wothyola ali panja, munthu umasiya mbale uli pakati pa kudya. Chokolola sichigona pamvula, zimenezo ndinayamwira. Ndipo apa sichinali chokolola chabe, inali famu ya mdalayo ikuwolera pansi ine ndikuyang'ana.

Mayi a Tadala anati ndifunse kaye. Ndinati ndifunse ndani, mlimi ndine. Mwana wathu Tadala, wobadwira konkuno, anati m'Chingerezi chake chothamanga atha kundifufuzira pafoni mphindi imodzi yokha. Ndinamuyankha kuti foni sinalimepo.

Lamulungu ndinaimirira m'tchalitchi n'kuitana dima. Ana obadwira kuno sankadziwa kuti n'chiyani, ndiye a Mbewe anawafotokozera kuti ndi pamene munthu waitana anzake kudzam'thandiza ntchito yakumunda imene yam'kulira, iye n'kuwakonzera chakumwa. Ndinkayembekeza anthu asanu kapena asanu ndi mmodzi. Loweruka kunabwera anthu makumi awiri ndi atatu. Manesi ochokera kushifiti maso ali gwaa, osamalira okalamba, madalaivala, a chigawo chapakati, a kummwera, a ku Zambia, anthu omwe aja ankandifupikitsira moni. Mayi a Tadala anaphika thobwa m'ndowa ziwiri.

Ndikatseka maso tsiku limenelo ndimalionabe. Mayi Zulu anatiphunzitsa kumanga mitolo ndi khungwa la mapesi omwewo. Amayi anapinda majumbo apulasitiki kukhala nkhata, n'kumasenza mitolo pamutu, ali pamzere kulowera ku chishedi chachikulu cha a Dennis, mvula ikuwawaza kumaso. Wina anayambitsa nyimbo ya kwaya, ina ya kumudzi inalowererapo, mpaka a Mbewe, mkulu wa mpingo, anapezeka akuvina ndi mtolo paphewa. Manja amene anazolowera magolovesi anachita matuza, koma palibe anadandaula. Nesi wina wa ku Thyolo anakhala pansi pamatope n'kulira, ndipo titam'funsa anati palibe chavuta, wangokumbuka kwawo. Chibwerereni kuno, sindinakondwepo ngati tsiku limenelo.

Tinachita Maloweruka awiri. Tinasenza maekala awiri athunthu ndi manja, n'kuunjika m'shedi mpaka kudenga. Chisoni changa chinali pa maekala anayi otsalawo, amene ndinkati tawalephera.

Sepitembala

Atandilola kukawaona, ndinavala jekete la kutchalitchi. Ndinapeza a Dennis ataonda, koma maso ali bwino. Sindinachedwe n'komwe ndi moni, ndinatulutsa foni n'kuyamba kuwaonetsa zithunzi: amayi ndi mitolo pamutu, a Mbewe akuvina, shedi itadzaza. Ndinkadikira kuti andigwire dzanja.

Anayang'ana zithunzizo chimodzichimodzi. Anabwereranso poyamba. Kenako anandifunsa kuti anthu onsewa ndi ndani, ndipo ndinawatengera kuti. Ndinati ndi a kutchalitchi kwathu, anabwera okha, sanalipidwe.

"Anabwera angati?"

"Makumi awiri ndi atatu."

"Pamaliro a mkazi wanga panali anthu asanu ndi anayi," anatero. Anapukuta m'maso ndi ngodya ya nsalu yofunda. "Lackson, mvula ija ndi imene ndinkaidikira."

Anandifotokozera pang'onopang'ono, ngati akupepesa ndi iwo. Ulusi wa hempu umakhala womatirira ku mtima wa phesi. Kuti ulekane, mapesi amayenera kugona pansi masabata angapo, mame ndi mvula zikuwanyowetsa, dzuwa likuwaumitsa, mpaka zomatazo zitawola. Timadontho takuda tija, timene tinkandisowetsa tulo, tinali chizindikiro chakuti zikuyenda bwino. Ndinaganiza za chinangwa chimene amaviika m'madzi kuti chifewe, ndipo manyazi anandigwira kuyambira kuphazi. Mapesi osawola fakitale siitenga, makina awo sangawasende. Choopsanso, mapesi aawisi ounjikidwa pamodzi amatentha okha m'kati, akhoza kuyatsa shedi. Maekala anayi amene ndinkawalirira aja ndi amene anali otetezeka. Awiri amene tinawapulumutsa ndi amene anali pangozi.

Ndinawafunsa kuti nanga bwanji sanandiuze. Anati anandiuza kuti ndiisiye. Safunsa anadya phula, ndipo ine ndinadyetsako anthu makumi awiri ndi atatu.

Panali njira imodzi yokha: kutulutsa zonse, kukaziyalanso pamvula, mwina nthawi n'kutilola. Mayi a Tadala sananene kuti ndinakuuzani. Anangondisitira malaya, chifukwa ankadziwa kuti Lamulungu ndiyenera kuimiriranso pamaso pa anthu omwe aja. Ndinaimirira n'kunena kuti abale, katundu tinalowetsa uja akufunika atuluke, akanyowe. Poyamba anthu anayang'anana. Kenako a Mbewe anayamba kuseka, kuseka mpaka kugwira benchi, tchalitchi chonse n'kutsatira. Ine sindinaseke.

Ulendo uno kunabwera anthu asanu ndi anayi, ndipo sindiwadandaula amene sanabwere, mashifiti sasinthidwa kawiri chifukwa cha uchitsiru wa munthu mmodzi. Titasuntha mitolo yapamwamba, m'kati munatuluka nthunzi yotentha, ndipo ina inali itachita chuku. Tinasenza mwakachetechete, panalibe woyambitsa nyimbo. Mayi Zulu anafika pakati pa munda ndi mtolo wawo woyamba n'kungoima nawo pamutu, mvula ikutsika m'masaya.

"A Banda, manja anga akukana," anatero. "Amayi anga atationa tikutaya zokolola pamvula chonchi, angati tonse tapenga."

Anautsitsa pang'onopang'ono, kuumasula, n'kuyala mapesiwo bwinobwino ndi manja awiri. Tinagwira mpaka shedi inatsala mbee.

Okutobala

Maekala anayi aja anawola bwino monga zimafunikira. Mapesi anasanduka otuwa, ndipo ukathyola limodzi ulusi unkasendeka wokha, wautali, wolimba moti sungaudule ndi manja. Kumapeto kwa Sepitembala kunachita dzuwa sabata yathunthu, waganyu anabwera n'kumanga mabelo okongola. A Dennis anali atatuluka, ankaonerera ali pampando pakhomo la shedi.

Maekala awiri athu aja anali m'mbuyo ndi masabata atatu, ndipo masabata atatu a kuno si masewera. Okutobala analowa ndi mvula yosalekeza. Masiku anafupika, mame ankafika masana osauma. Ndinkapita ngakhale masiku amene sanali anga, kukatembenuza mapesi ndi foloko mzere ndi mzere, kuyang'ana kumwamba ngati mlimi wa chimanga mu Febuluwale, kusiyana kwake ine ndinkapempha kuti ileke. Kuwola anawola, koma kuuma anakana, ndipo anapitirira. Tsiku lina ndinatola phesi, ulusi wake unangoduka m'manja ngati ulusi wa chigamba chakale. Ndinadziwa kuti zatha.

Munthu wa kufakitale anabwera, anayeza mabelo a maekala anayi aja, anawayamikira kwambiri, n'kuwatenga. Koma mlingo wa pangano lija sunakwane. Martin sanakalipe, ndipo kwa ine anali waulemu mpaka mapeto. Anangobwera ndi mapepala Lachisanu lina, bambo ake n'kusayina pathebulo la m'khitchini.

Martin atapita ndinalowa, n'kuwauza a Dennis kuti famu yawo ndawadyera ndine. Ndinkafuna andikalipire, mwina mtima ukanapepuka. Ndinawafunsa ngati maekala awiri aja akanakwanitsa mlingowo.

"Akanakwanitsa," anatero, osandinamiza. "Koma chaka chamawa akanandipezera chifukwa china. Khala pansi, tiyi akuzizira."

Ndinakhala pansi.

Novembala

Katundu wa pafamu anayamba kupita pang'onopang'ono. Nkhuku anapatsa oyandikana nawo, makina ena anagulitsa, iwo n'kumakonzeka kukakhala ku kafulati kapansi kufupi ndi Martin. Kunyumba kwathu zinthu zinali zitayamba kupepuka, chifukwa Khirisimasi ikamayandikira ntchito zonyamula katundu zimachuluka, ndipo ndinali nditalonjezedwa ina. Ndinkapitabe kufamu kukathandiza kulongedza.

M'mawa wina wozizira, udzu uli mbuu ndi chisanu, ndinapeza thirakitala ili panja, pulawo atamangirira kale kumbuyo. A Dennis anali ataima pambali ndi ndodo zawo ziwiri. Anati chiuno sichiwalola kukwera, ndiye ndikwere ine, ndikatembenuze munda uja, mapesi owola aja alowe pansi. Ndinawakumbutsa kuti thirakitala sindinayendetsepo. Ndinawafunsanso kuti tikulimiranji, poti omanga nyumba akubwera ndipo iwo alibe nazo ntchito kuti pansi pali chiyani.

"Sindingapereke munda uli chonchi," anatero. "Angati kuno kunalibe mlimi."

Ndinakwera. Anandionetsa magiya ali pansi, akuloza ndi ndodo, n'kundiuza kuti ndisamayang'ane pulawo, ndisankhe mtengo umodzi kutsidya kwa munda n'kumapita kwa iwo. Mzere woyamba unakhota ngati njira ya woledzera, ndipo ndinawaona pageti akupukusa mutu. Wachiwiri unakhotanso pang'ono. Pofika wachisanu, manja anali atamva. Dothi linkatembenuka lakuda, lofewa, losiyana kwambiri ndi lija ndinanunkhiza pa mbatatesi, chifukwa mizu ya hempu inali italimasula mpaka pansi. Mbalame zoyera zinabwera kuchokera kaya kuti n'kumatsatira pambuyo panga. Ndinalira ndili pamwamba pa thirakitalapo, ndipo sindinachite manyazi chifukwa injini inkaphimba.

Ndinalima maekala onse asanu ndi limodzi, osasiya ngakhale ngodya. Nditamaliza, a Dennis anayenda ndi ndodo zawo mpaka m'mphepete, anayang'ana mizereyo kuchokera uku kufika uko, n'kunena kuti chaka chamawa pamenepa pakanabereka tirigu woopsa. Tinatseka geti tonse awiri.

Makatapila a omanga nyumba anafika itangotha Khirisimasi.